Matayala a kuseri kwa nyumba yanga sanamalize ntchito

Lachiwiri lapitali, 4 koloko madzulo itangokwana, ndinali nditangotula dengu pakhonde, mapazi ali psuu ndi katondo wa m'munda wa tiyi. Ndinamva chinthu chikugwa kwa aneba, khuu! Ndisanacheuke n'komwe, tayala la galimoto linadutsa pabwalo panga likugubuduzika lokha, nkhuku n'kubalalika, ilo n'kukagunda nthochi n'kugona.

Nditakweza maso ndinaona a Elube ali padenga la nyumba yawo. A Elube ndi mnzanga wakalekale, timathyola tiyi mizere yoyandikana, ndipo ali ndi zidzukulu zisanu. Anali atakwinya chitenje m'chiuno, akukankha tayala lachiwiri.

"Inu a Elube, mutu ukugwira? Tsikani, muthyoka miyendo!"

"Ndikathyoka mudzanditengere kuchipatala pa msewu wa tala," anayankha ali wefuwefu. "Simunamve kodi? Msewu ukudya matayala."

Kumva ndinamva. Koma ndiyambe ndakufotokozerani inu amene mukuwerenga muli kutali.

Pali msewu wadothi umene umachoka pa sikelo, pamene timayezetsa tiyi, n'kuwoloka kamlatho, n'kukwera phiri mpaka kumudzi kwathu, mbali ya ku Khwethemule. Mvula ikagwa umaterera ngati therere. Galimoto imafika pa mlatho, dalaivala amayang'ana kumtunda, amapukusa mutu n'kubwerera. Chaka chino kwabwera kampani yoti ithire tala, ndipo zikhomo anakhoma kale. Ndiye Lamulungu potuluka m'tchalitchi wina anati tala wake si wamasiku onse, akuti amasakaniza ndi matayala akale ogayagaya. Izo zinali zoona.

Pofika Lolemba pa sikelo, nkhaniyo inali itamera miyendo. Akuti msewu udzalekeza pamene matayala adzathere. Akuti mudzi umene upereke ochepa, tala sadzafikako. Ndipo mudzi wotsiriza pamwamba pa phiri ndi wathu.

Ananena ndani? Palibe akudziwa. Munayamba mwamufunafuna mwini nkhani ya pa sikelo? Uyu amati ndamva kwa akapitawo, akapitawo amati ndamva kwa mlonda, mlonda amati ndamva kwa inu nomwe.

Basi, mudzi wonse unalowa m'matayala. Amene anapsinja nawo malata kuti asapite ndi mphepo anawatsitsa. Amene anadula tayala pakati kuti nkhuku zizimwera anakhuthula madzi. Katungwe wa ana kusukulu anamasulidwa. Ngakhale aja opakidwa laimu ozungulira maluwa a kutchalitchi anazulidwa, mkulu wa mpingo akuthandiza yekha. Onse ankaunjikidwa pabwalo la tchalitchi kudikira galimoto ya kampani imene inati ibwera Lachinayi.

A Elube atatsika padenga anabwera kudzatenga tayala lawo pa nthochi paja. Analidzutsa, koma sanapite. Anangoima, maso ali kuseri kwa nyumba yanga.

"Athuwa ndi a masewera," anatero motsitsa mawu. "Chuma chili uko."

Ndinalowa m'nyumba.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli matayala makumi anayi ndi awiri. Ndikuuzeni mmene anafikirako.

Amuna anga a Fayisoni, bambo a Esinati, anagwira ntchito zaka zambiri pa garaja ya esiteti, kumata matayala a mathirakitala. Akaweruka, ngakhalenso atapuma pantchito, ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala pakhomo pano n'kumadula nkhwayira, nsapato za matayala zija. Sindikukhulupirira kuti m'mudzi muno muli banja limene silinapondepo ntchito ya manja awo.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Iwo atabwera kuchokera ku Chimaliro, amalume anatilozera malo amene aliyense anawakana: kumtunda chitunda, kumunsi msewu, ife pakati ngati mbale yoikidwa m'mphepete mwa thandala. Dzinja lililonse phiri linkalowa m'khitchini. Ndinkadzuka n'kupeza mafuwa atakwiririka, n'kuyamba kufukula ndi khasu ndisanakoleze moto.

Loweruka lina ndinangoona munthu akukwera chitunda akugubuduza tayala, thukuta lili kamukamu.

"Ili n'la chiyani?"

"Dikirani muone, make Esinati."

Ndinadikira zaka zitatu. Loweruka likakwana tayala limodzi, koma nthawi zambiri osabwera nalo pakakhala kuti ku garaja sanataye. Ankawasanja ngati njerwa, la pamwamba kukhala pakati pa awiri a pansi, mzere uliwonse ukubwerera pang'ono kutsamira phiri. M'katimo ankathira katondo n'kutsindira ndi munsi. Munsi wake uti? Wanga. Anandithera minsi iwiri bambo amenewo, ndipo pa wachiwiriwo tinakangana mpaka amalume anamva ali kwawo.

Anthu ankawaseka. Ankawatcha mkamwini wa matayala. Iwo ankangoseka nawo, n'kubzala nanazi pa mzere wa pamwamba.

Chaka chija mvula inagwa masiku angapo osaleka, mapiri n'kumatsika ndi mitengo yomwe, makhitchini atatu a mzere wathu uno anapita. Yathu inatsala. Bambo a Esinati anangotenga munsi m'mawa mwake n'kukatsindira pamene dothi linalowa pansi.

Anatisiya chaka chatha, Lachisanu lina la chiperoni, m'mawa. Galimoto yoti iwatengere kuchipatala inakanika kukwera, ndiye tinawanyamula pa machira kutsika msewu womwewu. Anatsirizikira pafupi ndi mlatho, galimoto tikuiona apo.

Ndiye musandiuze ine za ubwino wa msewu. Ngati pali munthu m'mudzi muno amene amaufuna msewuwo, ndine.

Maliro atatha, abale awo anabwera monga mwa mwambo. Anatenga njinga, wailesi, jekete ndi nsapato za kutchalitchi. Sindinadandaule, ndi mmene timachitira. Anazungulira kuseri, anaona khoma la matayala, anaseka pang'ono n'kubwerera. Anandisiyiranso mpeni wawo wodulira nkhwayira, mwala wonolera, ndi matumba asanu ndi limodzi amene anali m'kachipinda ka nkhuni. M'matumbamo munali zotsala podula nkhwayira. Zaka zonse zija ndinkalimbana nawo kuti azitaye.

"Zinyalalazi zikutibweretsera zinkhanira, bambo a Esinati."

"Zisiyeni, zidzagwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ikadzafika mudzaiona."

Atapita, mphamvu yozitaya inandithera. Ndinangotseka chitseko.

Lachitatu pa sikelo ndinaona kuti mphepo yasintha. Amayi amene timagawana nawo chinangwa masana anakhala chakutali. Wina, sindimutchula chifukwa timapemphera limodzi, analankhula akuyang'ana dengu lake.

"Ena akusunga matayala ngati ndi manda. Akufa sagona kuseri kwa nyumba."

Mawu amenewo anandilasa, koma sanandigwetse. Amene anandigwetsa ndi a Elube. Pobwerera anayenda nane mpaka pa mlatho. Titafika pamenepo anaima.

"A make Esinati, ine sindikukukakamizani. Koma mwana wanga Mevisi ali ndi pakati, ndipo masiku ake akugwera m'dzinja. Za machira inu mukudziwa kuposa ine."

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani?

Nditafika kunyumba sindinapume n'komwe. Ndinatenga khasu n'kukwera pa mzere wa pamwamba. Ndinazula nanazi mmodzi, n'kuyamba kukumba tayala la kumapeto. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya kanthawi. Dzuwa linapendeka ndikulimbana ndi limodzi lomwelo. Dothi la m'kati linali ngati njerwa yootcha. Nditalitukula ndinaona zimene sindinaonepo m'zaka zonsezi: analimanga ku anzake a pansi ndi linya, mfundo zitatu, ndipo kunsi kwake anaboola timabowo toti madzi azituluka. Ine ndinkangoona munthu akuwononga munsi. Sindinkadziwa kuti pansi pamenepo pali nzeru zochuluka chonchi.

Pamene panachoka tayalapo, dothi la kumtunda linayamba kuyoyoka lokha, pang'onopang'ono, ngati mchere wotuluka m'thumba lobooka. Kunja kulibe mvula, kulibe mphepo. Ndinakhala pansi n'kumaliyang'ana. Otsala makumi anayi ndi limodzi. Ndikawachotsa onse, khitchini ipita dzinja lomwe lino, mwina ndi nyumba yomwe. Ndikawasiya, ndine mayi amene anaimitsa msewu pa mlatho.

Pamenepo ndinakumbukira mawu a akuluakulu akuti safunsa anadya phula. Mudzi wonse tinakwera pamadenga, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukafunsa eni msewu.

Lachinayi sindinapite kothyola. Ndinasamba, ndinavala chitenje cha kutchalitchi, n'kukakhala pafupi ndi mulu wa matayala kudikira. Cha m'ma 10 koloko galimoto inafika. Ndinkayembekezera bambo wamimba. Munatsika mtsikana wa msinkhu wa Esinati wanga, atavala majombo ndi chipewa cholimba chachikasu. Anyamata a kampani ankamutcha a injiniya. Chichewa chake chinkamveka kuti ndi wa kumpoto, ndipo aliyense ankamuti amama.

Anazungulira muluwo kawiri. Anagwira lina lopakidwa laimu, anagwira lina lokhala ndi chingwe cha katungwe, n'kukanda kumutu pansi pa chipewa.

Ndinayandikira, ndinagwada pang'ono.

"A injiniya, ndifunse nawo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, mundiyankhe mwachidule. Kodi kuti msewu ufike pamwamba pano mukufuna matayala angati?"

"Angati bwanji, amama?"

"Akuti msewu ulekeza pamene matayala athere."

Anandiyang'ana, anayang'ana anthu amene anali atasonkhana, kenako anaseka mpaka kugwira galimoto. Koma ataona kuti palibe akuseka naye, analeka msanga. Mwana woleredwa bwino ameneyo.

"Amama, msewu tinayeza kale. Zikhomo zija mwaziona zimafika mpaka pa sukulu, ndipo tala adzafika pomwepo, mupereke matayala, musapereke."

"Nanga matayalawo ndi a chiyani?"

Anafotokoza bwino, ngakhale ine ndinamva. Akuti matayala amapita nawo mtauni ku makina amene amawadula n'kuwagaya mpaka akhale ngati misere ya chimanga. Mawaya a m'kati amawachotsa. Misere ya mphirayo amaithira m'phula lotentha n'kutakasa, kenako n'kusakaniza ndi miyala. Msewu wotero akuti umakhala wofewa msana. Lole yolemera ndi tiyi ikadutsa umavomera pang'ono n'kubwerera, sufulumira kung'aluka, ndiye madzi sapeza polowera.

"Koma mphirayo si ndiwo yake, amama," anatero. "Ili ngati nsinjiro. Ndiwo ndi miyala ndi phula."

"Ndiye nsinjiro zikachepa?"

"Mtauni matayala ndi mapiri, anthu akungowatentha. Ife tinapempha kuno chifukwa tinaona ena atatayidwa m'chigwembe kuseri kwa garaja, adzaza madzi, akuswa udzudzu. Timafuna akufa, amama. Awa mwabweretsawa ndikuona ngati amoyo."

A Elube anali kumbuyo kwanga. Ndinawamva akuti, "Mayo ine, malata anga."

Ndinamupempha mtsikanayo kuti akaone kwathu. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwina ndinkafuna munthu wa sukulu anene pamaso pa anthu kuti sindine wouma mtima. Anavomera, ndipo khamu lonse linatitsatira.

Atafika kuseri anakwera pa mzere woyamba n'kudumphapo ndi majombo ake. Anakwera wachiwiri. Anagwada pamene ndinachotsa tayala paja, anagwira linya, analowetsa chala m'kabowo. Kenako anaima n'kuyang'ana kumunsi kumene kuli zikhomo za msewu wake.

"Anamanga ndani?"

"Amuna anga."

"Anaphunzira kuti?"

"Pa garaja. Ankamata matayala."

"Ali kuti, ndiwapatse moni?"

"Ali kumanda, mwanangu."

Anavula chipewa chija. Anakhala kanthawi atachigwira pamimba.

"Pepani, amama." Kenako anakweza mawu kuti onse amve. "Khoma ili musalikhudze. Mukalichotsa, phiri ili litsika ndi khitchini ya amamawa n'kudzakhala pa msewu wanga. Bambowa anayamba kuugwirira ntchito msewuwu ine ndisanabwere kuno."

Sindinalire. Ndinangokhala pa mtondo. Mayi uja wa mawu a manda anayang'ana kumbali n'kumakonza mpango.

Zimene zinachitika pabwalo la tchalitchi masana amenewo mukanaziona mukanaseka. A injiniya anati aliyense atenge lake akabwezere pamene analichotsa. Mukuganiza kuti matayala amafanana? Funsani amayi a kwathu. Aliyense amalidziwa lake ngati nkhuku yake.

"Limenelo ndi langa, lili ndi chigamba m'mbali!"

"Chigamba chili ponseponse, mayi. Langa ndi ili, likununkha utsi wa khitchini yanga."

"Utsi uli ndi dzina?"

Mkulu wa mpingo ankangoyendayenda akuwerenga a laimu, akuti lasowa limodzi. Linapezeka lili pamutu pa a Elube, akuti analitenga molakwitsa. Molakwitsa, tayala loyera mbuu!

Galimoto ya kampani inatsala pang'ono kubwerera yopanda kanthu. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kachipinda ka nkhuni.

"A injiniya, nanga zidutswa mumalandira?"

Tinatulutsa matumba aja n'kuwakhuthula pabwalo. Ine ndinali ndisanayang'anemo bwinobwino chiyambire. Bambo a Esinati akafuna kudula nkhwayira ankamuimika munthu pa chibenthu cha tayala, n'kulemba mozungulira phazi ndi msomali, n'kudula motsata mzerewo. Nkhwayira inkapita ndi mwini wake. Chotsala chinali chibenthu chokhala ndi bowo, ndipo bowolo linali phazi la munthuyo ndendende.

Pabwalo panga panadzaza mapazi. Aakulu, aang'ono, otambalala, opindika.

A injiniya anatola chimodzi n'kuchipinda. "Izi ndiye zenizeni. Mulibe waya."

"Ankasankha a linya okhaokha," ndinatero. "Amati a waya amalasa chidendene."

A Elube anali atagwada kale akusanthula. Mwadzidzidzi anakuwa.

"Ili ndi langa ili! Onani chala chachikulu chothawa anzake!"

Anavula silipasi n'kulowetsa phazi. Linalowa gwa. Anthu anafa nacho chiseko, ndipo aliyense anayamba kufunafuna lake. Mphunzitsi wina amene anakulira m'mudzi muno anapeza kaphazi kake ka ali mwana, akuti akukumbukira tsiku lake, analira poopa msomali. Kenako chiseko chinayamba kuchepa. A Elube anali atanyamula china chaching'ono, chopapatiza, chidendene chopotoka.

"Amayi anga awa," anatero. "Ankaponda chammbali."

Amayi awo anapita zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ena anapezanso awo.

Mtsikana uja anandiyandikira. "Amama, ngati n'zovuta, zisiyeni. Sitikukakamiza."

Ndinaganiza. Khoma lija likugwira ntchito usana ndi usiku. Koma izi zakhala mumdima zaka zonsezi, zikudikira. Ndinamva ngati munthu akuseka pansi pa mtengo wa mapeyala, akuti, ikadzafika mudzaiona.

"Tengani," ndinatero. "Mwini wake anati zidzagwira ntchito. Ndimayesa akunama."

Amene anafuna kusunga phazi la m'bale wake anasunga. Zotsalazo tinabwezera m'matumba, ndipo a Elube anathandiza kukweza, phazi lawo lomwe analiponya momwemo. Akuti likadikire Mevisi pa msewu. A injiniya anandichenjeza kuti sangalonjeze kuti zidutswa zimenezi zidzagwera pa msewu wathu weniweniwu, chifukwa ku makina zimasakanikirana ndi za kwina. Ndinati palibe kanthu. Kulikonse kumene zidzagwere, pali munthu amene adzafike kuchipatala.

Tsopano ndili ndi mawu, poyamba kwa ife a kumudzi.

N'chifukwa chiyani chinthu chikabwera ndi galimoto timafulumira kunyoza zathu? Munthu wangonena kuti matayala akutha, ife tathamanga kale kukwera padenga. Tayala limene lagwira malata ako zaka khumi, lero lasanduka lakutha chifukwa wina watero? Kuno tayala silifa kamodzi. Likachoka pa lole limapita pa ngolo. Likachoka pa ngolo limakhala nkhwayira, m'mbali mwake mutuluka linya losokera mphasa, chotsala chimwetsa nkhuku. Amene amati zinyalala ndi amene sanakhalepo m'nyumba yoti mphepo ikawomba umagwira denga ndi pemphero.

Ndipo tikachita mantha timasaka munthu woti timuloze. Sabata ino ndinali ine. Sindikusunga mangawa, chifukwa nanenso ndikanakhala ndi mwana woyembekezera ndikanayang'ana kuseri kwa nyumba ya mnzanga. Koma taganizani, kufunsa kunanditengera theka la tsiku basi. Kusafunsa kukanatitengera madenga a mudzi wonse, mphepo za mvula yoyamba zili pafupi.

Kwa inu a mapepala ndi zipewa zachikasu, nzeru yanu ndi yabwino, ndaikonda. Tayala limene linatha chifukwa cha msewu libwerere kukalimbitsa msewu womwewo, ndani angakane? Bambo a Esinati akanakhalapo akanakutsatirani mpaka ku makinako kuti akaone ndi maso. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mtsikana uja anabwera nako. Koma mukamatumiza uthenga kumudzi, muziutumiza wathunthu. Mawu amodzi ochoka mu ofesi akamafika pa sikelo amakhala atabereka ana. Ndipo musanalembe kuti chakutha, zungulirani kuseri kwa nyumba muone chimene chikugwira. Si matayala okha amene amatchedwa akutha akadali pantchito. Pitani pa mzere wa tiyi muone amene akudzaza dengu msanga ngati si a imvi.

Pa zidutswa zija ndinasungapo chimodzi. Ndinachipeza pansi penipeni pa thumba lomaliza, chachikulu kuposa zinzake, cha tayala la thirakitala. Chili ndi mabowo anayi. Awiri aakulu, awiri aang'ono, oyandikana. Ndikukumbukira tsiku lake. Tinali tisanabereke Esinati, ndipo amuna anga ananena kuti tiime pamodzi kuti mphira isawonongeke. Ine ndinakhulupirira kuti nkhani ndi mphira.

Esinati nditamuuza pafoni anati ndichikhome pakhoma m'chipinda chochezera. Ndakana. Bambo ake sankafuna chinthu chongokhala. Ndachiika pakhomo, n'chopalirapo matope.

Lachisanu madzulo a Elube anabwera ndi munsi wawo, osaitanidwa. Tinabwezera tayala lija pamalo pake, ndinamanga mfundo zitatu monga ndinazipezera, iwo akuthira katondo.

"Munsi wangawu ukathyoka mudzandigulira," anatero.

"Mukadandaule kwa mkamwini wa matayala."

Tinatsindira mpaka manja anachita matuza, n'kubzalanso nanazi uja.

Tala sanafike, akadali kumunsi kwa mlatho, koma zikhomo zilipo mpaka pa sukulu ndipo palibe wazizula. Ine m'mawa uliwonse belu la esiteti lisanalire ndimazungulira kuseri ndi munsi, ndimatsindira pamene dothi lalowa pansi. Ndikatero ndimapala mapazi pakhomo, ndimasenza dengu, n'kutsika kukathyola tiyi.